Sukulu ya Pageti

Usiku ndimalondera galimoto za eni ake
pansi pa nyumba yosanja ku Braamfontein.
Mpando wanga ndi kreti ya zakumwa.
Pali pakona pena, pafupi ndi paipi ya madzi,
pomwe wayifayi ya kumtunda imadonthera
ngati denga lothonya.
Pamenepo ndiye pasukulu panga.

Foni yanga ili ndi mng'alu,
choncho aphunzitsi onse amabwera ndi chipsera pamphumi.
Salipiritsa. Safunsa pasipoti.
Safunsa chomwe ndinalekezera Fomu Fili
chaka chomwe fodya wa bambo anabwezedwa ku okushoni.

Ndinayamba ndi zowerengetsa ndalama,
poti Lingisoni anati ndizo zili ndi phindu.
Masabata awiri basi, ndinasochera.
Ndinakankha chitseko choyandikana nacho
n'kupeza mayi wa imvi akufotokoza za nyenyezi,
akuti kuwala komwe tikuonaku kunanyamuka kalekale,
mwina mwini wake anazima.
Ndinatuluka panja kukasuzumira.
Kumwamba kwa Joni kunali nsanja ya Hillbrow
ndi ndege imodzi yophethira.
Ndinangowakhulupirira mayiwo:
makalata ochedwa ndimawadziwa.

Lolemba, tizilombo tosaoneka ndi maso.
Lachitatu, akuluakulu a ku Girisi wakale
akukangana kuti chilungamo n'chiyani,
ine ndikutsegulira geti bwana woledzera
yemwe chaka chonse sanandiyang'anepo kumaso.
Lachisanu ndinatola mawu asanu a Chitchaina,
pofika Loweruka anali atatsala awiri.

"Iwe Dziwenji, zimenezi udzadya?"
amatero Lingisoni tikamasinthana bedi m'mawa,
iye kudzuka, ine kugona.
"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."
Sindimutsutsa.
Maphunziro khumi ndi anayi ndinawayamba,
atatu okha ndinafika nawo kumapeto,
ndipo kumapetoko kumaima mlonda mnzanga:
satifiketi, lipirani kaye.
Ndimabwerera pomwepo.
Nzeru ndatenga kale, pepalalo asunge.

Koma usiku wina m'mwezi wa Juni,
chisanu chikuluma zala,
ndinatsegula phunziro la miyala.
Bambo wandevu anajambula kunsi kwa mzinda uno.
Akuti kale pano panali nyanja,
mitsinje inkatsitsa golide pang'onopang'ono,
mchenga pamwamba pa mchenga,
kusanabadwe ngakhale udzu.
Anatchula kuya kwa migodi.
Anatchula matani.
Sanawatchule a Kamzingeni, bambo a mayi anga,
omwe anakwera ndege ya Wenela ali mnyamata
n'kubwerako ndi njinga, jekete,
ndi chifuwa cholira ngati chitseko chopanda mafuta.
Kwathu ankati anawalodza.

Ndinaimitsa vidiyo.
Ndinavula nsapato imodzi,
ndinaponda simenti ndi phazi lamaliseche,
kumvetsera ngati pansipo pangatsokomole munthu.
Ndinamva kuzizira kokha,
ndi jenereta ya nyumba ina.

Matenda aja ali ndi dzina.
Ndinakalipeza sabata yotsatira
m'phunziro la mapapo,
chithunzi chake choyera ngati ufa wotayika pamphasa.
Ndinalilemba kuseri kwa buku la manambala a galimoto,
ndinaliwerenga katatu mokweza,
kenako ndinawatumizira mayi uthenga wa mawu.
Sanayankhe msanga. Kwathu netiweki ili pachulu.
Tsiku lachitatu anangoti:
"Ndiye kuti a Nasibeko tinkawadera chabe."

Kukamacha batire imakhala itafiira.
Ana a yunivesite amayamba kudutsa
ndi zikwama zawo, ndi makadi olendewera m'khosi.
Sindiwachitira nsanje masiku onse,
masiku ena okha.

Dzulo mmodzi anaima pageti, foni yake itazima,
n'kundifunsa nthawi.
Ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti iti:
ya wotchi, ya miyala,
kapena ya nyenyezi zozima zija?
Koma mwanayo anali pachangu.
Ndinangoti, "Sikisi yangodutsa kumene,"
n'kubwerera pakona panga.
Panali patatsala funso limodzi
kuti ndimalize mayeso a mapiri ophulika.